Anati Ndikudwala Pamene Ndinkachira

Zaituni mwana wanga,

Salamu alaikumu. Ndakhala pakhonde lakuseri, dzuwa likadali pamutu, amayi anzanga ali pikitipikiti kupeta mpunga wa mawa. Mawa nikaha, mwambo wa ukwati wako, ikangotha ukwera galimoto ya kwa amuna ako kupita ku Dwangwa, ndipo ine sindipezanso mpata wokhala nawe awiriwiri. Anankungwi akuuza kale zawo, za madzi osamba a bambo, za kugwada, za kuchipinda. Zimenezo si zanga. Ine ndili ndi nkhani imodzi yokha, ndipo pachilangizo palibe angaitchule, chifukwa amene amakhala pamphasa paja ndi omwewo anandiseka.

Chandilembetsa ndi mawu a azakhali ako a Fatuma m'mawa uja. Unawamva. Anakugwira mkono, n'kuutembenuza ngati akugula nkhuku pamsika, amvekere, "Kamwana aka n'kowonda ngati mayi wake. Koma musadandaule, ku Dwangwa n'kwa shuga, chaka chamawa kadzabwera katadzaza khomo." Amayi onse analuluta. Iwenso unaseka. Ine ndinangotola lichero n'kuchokapo.

Ndinadzazapo khomo ine, Zaituni. Ndikudziwa mmene zimakhalira, ndiye tamvera.

Abambo ako anandikwatira ndili ngati iweyo. Ndinakulira ku Malengachanzi, kumadambo a mpunga, ndipo thumba ndinkalisenza pamutu kuchokera kumunda mpaka kunyumba osatula. Titabwera kuno ku boma zinthu zinayamba kuwayendera abambo ako. Anatsegula sitolo, kenako anagula maboti ku Ngala. Anandiletsa kulima, ati mkazi wa mwini sitolo sagwira khasu. Ndinayamba kukazinga mandasi ndi samusa pakhomo pa sitolo pomwepo, kukhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Loyamba kutuluka m'mafuta ndilawe, lophwanyika ndidye, lotsala usiku ndisataye. Tiyi wanga shuga ankachita kutsalira pansi pa kapu. Ndikabereka, apongozi ankati, "Idya, ukudyera awiri." Mwana akasiya kuyamwa ine ndinkapitiriza kudyera awiriwo. Ndipo pali china chimene amayi sitimachiwerengera: makombo a ana. Iwe ukasiya wali, mpunga wathu wophika uja, m'mbale, achimwene ako akasiya chapati, zonse zinkathera mwa ine, poti chakudya sichitayidwa. Ndinali dzala la pakhomo pano, koma ndinkadziyesa mayi wosamala.

Abambo ako ankasangalala kwambiri. Anzawo akabwera kusitolo ankandiloza n'kumati, "Mukufuna kudziwa mmene bizinesi ikuyendera? Taonani mayi wa kunyumbayu." Ine ndinkaseka nawo, ndinkayesa chikondi. Sanaone kuti pofika pamsika ndinkakhala nditaima kangapo, wefuwefu ngati ndathamangitsidwa. Sanamve anyamata a kabaza akundikana, ati, "Mayi, inu ndi anthu awiri, matayala aphulika." Choipa kwambiri chinali kumzikiti. Ndinafika poti sindingathe kugunditsa chipumi pansi poswali. Ndinkaswali nditakhala pampando kumbuyo, pamodzi ndi agogo oyendera ndodo, ine mwana wanga womaliza asanayambe n'komwe sukulu. Mwana wanga, usadzalole kuti thupi lako likhale chikwangwani cha chuma cha munthu. Chikwangwani chikathyoka mwini sitolo amangokhoma china.

Amayi ako aakulu a Mwanaisha, achemwali anga aja, ukuwakumbukira pang'ono. Anali aakulu thupi kuposa ine, ndipo pa ukwati uliwonse ndi iwo ankakhala kutsogolo. Anayamba kumwa madzi osakhuta, usiku kutuluka panja kosaleka. Tinkati ndi kutentha kwa kunyanja kuno. Tsiku lina munga wa nsomba unawabaya chala chakuphazi. Kabala kakang'ono, kosati n'kudandaula nako. Sikanapole. Kanada, kanayamba kununkha, ndipo pomwe ankapita kuchipatala n'kumva kuti ndi shuga, mwendo unali utapita kale. Anaudula. Sanakhalitse, anatisiya. Ine ndinali m'gulu la amayi osambitsa thupi lawo. Tinavutika kuwatembenuza, Zaituni, mpaka tinaitana amayi ena panja kuti adzatithandize. Ndikuwapukuta msana, mayi wina pambali panga anati, "Koma anali ndi thupi labwino mayiyu, ankadya bwino." Ndinangopitiriza kuwapukuta. Titatuluka panja anatipatsa tiyi wotsekemera ngati uchi ndi mandasi. Mandasiwo ndinakazinga ndine.

Sipanapite nthawi, ine ndinagwa pamsika ndikugula tomato. Ndinadzidzimukira kuchipatala. Namwino wina wachitsikana, wolankhula mosanyengerera, anandibaya chala, anandimanga mkono, anandikweza pasikelo. Kenako anakhala pansi n'kundifunsa, "Mayi, ana muli nawo angati?"

Ndinati, "Anayi."

"Womaliza ndi wamkulu bwanji?"

"Wangoyamba kumene sukulu."

"Ndiye mwakonza kuti amulere ndani?"

Ndinapsa mtima. Ndinati mwana wopanda mwambo iwe, ukundilosera imfa? Iye sanatekeseke. Anati, "Shuga wanu wakwera, magazi akuthamanga. Mankhwala ndikupatsani, ndipo muzimwa osadumphitsa. Koma thupili mukapanda kulichepetsa, mankhwala okha sakwanitsa." Ndinabwera kunyumba ndikutukwana njira yonse. Koma nditafika ndinapeza mng'ono wako Rashida atakhala pakhomo, chala m'kamwa, akundidikira kuti ndimumasulire mabatani a yunifolomu. Ndinamumasulira. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ukadzakumana ndi munthu wokuuza zoona mokhadzula, usadzamutukwane ngati ine.

Usaganize kuti ndinayamba mwanzeru. Ndinafuna zachidule. M'basi yochokera ku Salima munakwera bambo wina wa tayi, akugulitsa masamba m'timapepala, ati tiyi wosungunula mafuta, sabata imodzi mimba phwa. Ndinagula. Ndinatsegula m'mimba mpaka maso kulowa m'kati, ndipo zitatha thupi linabwerera mwakale. Kenako ndinati ndingosiya kudya. Tsiku lonse madzi okha, mankhwala ndikumwa ndithu. Ndinachita chizungulire kubafa, thukuta lozizira thupi lonse, ndipo akanapanda kundimva achimwene ako bwenzi lero ukukwatiwa wopanda mayi. Namwino uja anandikalipira koopsa. Anati njala si mankhwala, munthu wa shuga sadumpha chakudya mwachisawawa. Ngakhale pa Ramazani anandiuza kuti ndiyambe ndabwera tikambirane, chifukwa ine kale ndinkamanga tsiku lonse osadya, pa futari ya madzulo n'kudya za masiku awiri, mwezi n'kutha nditanenepa kuposa poyamba. Zaituni, wina akadzakuuza kuti ali ndi chakumwa chochepetsa thupi, udzamusiye adutse. Thupi linabwera pang'onopang'ono, limachokanso pang'onopang'ono.

Amene anandithandiza zenizeni ndi amayi Nyirenda, oyandikana nafe aja, a ku Dwambazi. Iwo si Asilamu, ndipo azakhali ako mpaka lero amati ndinatengera nzeru za akunja. Nawo magazi ankawathamanga. Tsiku lina anandipeza ndikulira kuseri kwa khitchini, ndipo sanandifunse zambiri. Anangoti, "Mawa mukatha kuswali mundipeze pamsewu." Ndinavala nsapato za tenesi za achimwene ako, zazikulu, ndinaikamo nsanza kutsogolo. Tsiku loyamba ndinangofika pamtengo wa mango wa pamphambano uja n'kukhala pansi, mtima ukugunda m'makutu. Amayi Nyirenda anaima pambali, manja m'chiuno. "Pumulani. Mawa tidutsa mtengowu." Tinaudutsadi. Miyezi itapita tinkafika kumadambo n'kubwerera, tikucheza bwinobwino, mpweya osatha.

Kudya ndinakusintha motere, ndipo ulembe pamtima. Sindinasiye chakudya chathu, ndinangosintha muyeso. Mbale ndinkayamba kuidzaza ndi masamba, chigwada, bonongwe, nkhwani, kholowa, chilichonse cha nyengoyo. Nsima ya mgaiwa kapena kondowole mtanda umodzi wonga chibakera changa, basi. Wali chipande chimodzi, osati phiri. Usipa ndi utaka ndinasiya kuzimiza m'mafuta, ndinkaphika ndi tomato kapena kuotcha. Tiyi wopanda shuga anandiwawa ngati mankhwala a malungo, koma lilime limazolowera. Zakumwa za m'mabotolo ndinazisiyiratu. Makombo anu ndinayamba kupatsa nkhuku. Chiwaya cha mandasi ndinachipachika, n'kukapempha kadimba kumadambo, ndinagwiranso khasu lomwe anandiletsa lija.

Inu ana simunandithandize, ndikuuze zoona. Ndiwo zikachepa mafuta munkakankha mbale. Achimwene ako anati, "Kodi tasauka?" Abambo ako anati iwo sadya udzu ngati mbuzi. Ndiye ndinkaphika miphika iwiri, wanu wonona, wanga wa masamba, n'kukhala nanu pamphasa imodzi fungo la nyama yokazinga likundilowa m'mphuno. Kuchepetsa thupi uli wekha n'kovuta, koma uli mayi wophikira anthu ena ndi nkhondo ya tsiku ndi tsiku, chifukwa mdani wako umamuphika ndi manja ako. Pamenepa ndinalakwitsa, ndinakulekererani. Iwe usadzaphike miphika iwiri. Ana ako udzawazoloweze masamba ndi madzi akadali m'manja, asanadziwe kukana.

Thupi linayamba kutsika. Mawondo anasiya kuwawa, usiku ndinkagona osadzukadzuka. Namwino uja atandiyeza anamwetulira koyamba. Ndipo tsiku lina Lachisanu ndinakankhira mpando pambali, ndinagwada, chipumi changa chinagunda pamkeka. Ndinalira pomwepo, Zaituni, misozi inanyowetsa mkeka. Ndinkayesa kuti amayi anzanga asangalala nane. Potuluka, wina anandigwira phewa n'kunong'ona, "Limbani mtima, masiku ano mankhwala alipo, anthu akukhala nako kachilomboka."

Umu ndi mmene zinayambira. Pamsika ndikadutsa nkhani inkaduka. Amene ankagula masamba anga anayamba kugula kwa ena. Ndikapita pamaliro ankandipatsa kapu yangayanga. Undimvetse bwino, tili ndi abale ndi anansi amene akumwa mankhwala amenewo, ndi anthu abwinobwino ndipo palibe chamanyazi. Chinandipweteka n'chakuti pamene ndinkafa anthuwa ankandiyamikira, pamene ndinayamba kuchira anayamba kundilira. Palibe anabwera kudzandifunsa. Anangogwirizana kuti mkazi sangawonde mwadala.

Azakhali ako a Fatuma anabwera ndi mkwiyo, osavula n'komwe nsapato. "Mlamu, mwamubweretsera chiyani mchimwene wanga?" Ndinawauza za shuga, ndinawaonetsa mankhwala. Amvekere, "Shuga ali ndi anthu ambiri, koma sauma chonchi." Ndinawatenga abambo ako kupita nawo kuchipatala, tinayezetsa tonse awiri, tinapezeka tilibe kachilomboko. Ndinkati nkhani yatha. Tikubwerera, abambo ako anayenda kutsogolo, ndipo titalowa m'nyumba anati, "Ndiye ndiziyenda ndi chipepala pachifuwa kuonetsa tauni yonse? Anthu akuti sindikukudyetsa. Akuti sitolo yagwa. Ukundichititsa manyazi. Yambiranso kudya ngati munthu."

Ndinati, "Bambo, mukufuna mkazi wonenepa kapena mkazi wamoyo?"

Anati, "Ndikufuna mkazi wooneka."

Anamupezadi, ku Ngala. Chaka chisanathe anamanga nikaha ina. Anati chipembedzo chimalola, ndipo sindikutsutsa, koma chipembedzo chomwecho chimati azigawa masiku mofanana, ndipo iwe ukudziwa wekha kuti kuno amabwera ngati mlendo. Mkazi mnzangayo sindidana naye. Ndi mwana, ndi wamtima wabwino, pa Idi amanditumizira nsomba. Ndikamuona akutsika galimoto movutikira, akupukuta thukuta m'khosi, abambo ako akumuloza kwa anzawo monyadira, mtima wanga umangoti mwana wa eni, ukanadziwa. Ndinayesapo kumuuza. Anaganiza kuti ndi nsanje.

Tsopano ndifike pa iwe, ndipo usakwinye nkhope. Uli folomu 3, tsiku lina m'mawa ndinkabwerera koyenda, thukuta lili kamukamu, nsapato zazikulu zija zili phwaphwaphwa. Ndinakumana nawe pamsewu uli ndi anzako mukupita kusukulu. Mmodzi anati, "Amisala oyendayenda aja akubwera." Onse anaseka. Ine ndinakweza dzanja kuti ndikupatse moni. Iwe unayang'ana kumbali, unadutsa ngati sundidziwa. Madzulo unabwera kukhitchini n'kunena chapansipansi, "Amayi, bwanji osamayenda njira yakuseri, yosadutsa anthu?" Za abambo ako ndinapirira, za azakhali ako ndinapirira, koma tsiku limenelo ndinatenga nsapato zija n'kuziponya padenga la khola. Ndinakhala masiku osayenda, ndinagula mandasi kwa ena n'kudya ndekha kuchipinda ngati wakuba. Amayi Nyirenda ndi amene anabwera ndi mtengo n'kuzitsitsa. Anati, "Mwanayo adzakula. Koma kuti adzakupepeseni muyenera kukhalapo." Wakula tsopano, ukukwatiwa, ndipo ine ndilipo. Sindikupempha kuti upepese, unali mwana. Ndikungofuna udziwe kuti manyazi a mwana amatha kupha mayi, kuti nawe tsiku lina ana ako akadzakuchita zomwezo usadzaponye nsapato padenga.

Sadiki, amene ukukwatiwa nayeyu, ndi mnyamata wabwino, ndamuona. Koma chikondi cha anyamata a ntchito ndimachidziwa. Mwezi ukatha azikubweretsera tchipisi m'jumbo, zakumwa zozizira, buledi wopaka majarini mbali zonse. Azikuuza kuti ukwere njinga yamoto ngakhale popita pamsika pompo. Ndipo kwawoko apongozi ako azikuyeza ndi maso mwezi ndi mwezi, ukapanda kunenepa azidzati mwana wawo sakukusamala. Uziwalemekeza, uziwagwadira, koma pakamwa ndi pako. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Umuuze Sadiki msanga, banja likadali lotentha, kuti kwanu kuli shuga, anatenga amayi ako aakulu, anatsala pang'ono kutenga mayi ako. Ukadzaima, kusikelo uzikapempha akuyeze shuga, usadikire kuti ugwe pamsika. Ukabereka uzidya mokwanira kuti mwana ayamwe, koma akasiya kuyamwa nawe usiye kudyera awiri. Uziyenda, Zaituni. Pamsika wapansi, kumzikiti wapansi, mwana kumbuyo. Kuseri kwa nyumba ulime kadimba ngakhale kakhale kakang'ono ngati mphasa. Ndakuikira mbewu za bonongwe ndi mpiru m'kansalu, zili pansi pa mapoto m'katundu wako. Ndi mphatso yosaoneka bwino pagulu, n'chifukwa chake sindinaiike patebulo.

Ndipo amuna akonso uziwayang'anira. Dzana abambo ako atabwera kudzakambirana za ukwatiwu, unaona kuti anavala patapata? Nsapato sizikulowa, mapazi atupa. Anthu atabalalika ananditsatira kudimba, anaimaima, kenako anati, "Kodi masamba ako aja umaphika bwanji?" Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti tsiku limeneli likadzafika ndidzaseka. Sindinaseke. Ndinawathyolera chigwada, ndinawauza kuti apite akayezetse sabata ino. Anati apita ukwati ukatha. Ndikuwadziwa, sapita. Ine sandimveranso, koma iwe amakumvera. Ukafika ku Dwangwa uziwaimbira mpaka atope nawe.

Chomaliza ndi ichi. Posachedwapa, ndili pakati polemba kalatayi, azakhali ako anabwera pakhonde pano atanyamula zitenje ziwiri zakale. Akuti mawa ndizikulunge m'chiuno ndi pachifuwa, m'kati mwa diresi, kuti pazithunzi ndioneke ngati mayi wa mkwatibwi, a kuchimuna asaganize kuti kwathu kuno kuli matenda kapena njala. Akuti ndikakana, ndi bwino ndikhale kumiphika, kutsogolo akhale iwo ndi mkazi mnzanga. Ndipo akuti anakambirana nawe, iwe wavomera.

Sindikudziwa ngati n'zoona. Azakhali ako amatha kuika mawu m'kamwa mwa munthu. Zitenjezo ndawabwezera. Thupi ili ndinalivutikira, linandidyera banja ndi mbiri, ndipo ndi lomweli landifikitsa pa tsiku la ukwati wako ndikuyenda ndekha. Sindilibisa ngati chinthu chakuba. Mawa ndivala diresi langa lobiriwira mmene telala analisokera, pa muyeso wanga, ndipo ndidzakhala pampando wa mayi wa mkwatibwi, pambali pako.

Ngati ukufunadi kuti ndikhale kumiphika, ndikhala, ukwati ndi wako. Koma usatume munthu. Ubwere wekha kuchipinda kwanga tisanapite kumzikiti, undiyang'ane kumaso, unene ndi pakamwa pako. Ukapanda kubwera, ndidziwa yankho lako, ndipo ndidzavina mpaka oimba atatopa.

Allah akutsogolere kumene ukupita, akupatse ana, akupatsenso moyo woti uwalere wekha.

Ndine mayi ako,
Asiyatu